Kuyezetsa DNA kuti mudziwe kumene mzere wa amayi anu unachokera

Kwathu kuno munthu akangoti akufuna kuyezetsa DNA, anthu amayamba kuyang'anana, poganiza kuti pali mwana amene bambo wake akumukana. Kuyeza kumene ndikufotokoza pano n'kwina. Sikunena kanthu za bambo ngakhale pang'ono. Kumatsata amayi anu, amayi a amayi anuwo, amayi awonso, kumangobwerera m'mbuyo choncho zaka masauzande ambiri, osakhotera kuchimuna ngakhale kamodzi.

Kwa ife a ku Zomba mzere umenewu si wachilendo. Ayao, Alomwe, Anyanja ndi Amang'anja amene adzaza boma lino, kuyambira ku Domasi kukafika ku Mayaka ndi kugombe la Chilwa, ambiri amawerenga ubale kuchikazi. Mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, mkamwini amakamanga kwa mkazi, ndipo pakagwa nkhani timathamangira kwa amalume. Njira imene mbumba imayendayi ndi yomweyonso imene DNA ya mtundu umenewu imayenda. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo amakumbukira mibadwo inayi kapena isanu, pamene labotale imalumphira kutali kwambiri, nthawi imene kunalibe Myao kapena Mlomwe. Mukasokoneza ziwirizi mudzataya ndalama n'kukhumudwa, choncho tiyambire pamenepo.

Dziwani kaye chimene mukugula

M'maselo a thupi lathu muli timagawo ting'onoting'ono totchedwa mitochondria, timene timapanga mphamvu. Timagawoti tili ndi DNA yakeyake, yaifupi, ya zilembo 16,569 zokha, ndipo mwana amailandira kuchokera m'dzira la mayi. Mwachidule amailemba kuti mtDNA. Mwana wamwamuna amailandira koma sapatsira ana ake. Mwana wamkazi yekha ndi amene amaipitiriza. Pafupifupi DNA ina yonse imasakanikirana m'badwo uliwonse ngati chimanga chimene chalandira mungu wa m'munda wa mnansi, koma iyi imayenda ngati chinangwa: mukudula phesi n'kudzala, ndipo chomera ndi chomwechija.

Mwa apo ndi apo chilembo chimodzi chimasintha, ndipo kusinthako kumakhalira ana onse a mayiyo. Akatswiri amawerengera kuti zimenezi zimachitika pafupifupi kamodzi pa zaka 3,600 pa mzere umodzi. Anthu amene ali ndi zizindikiro zofanana amaikidwa m'gulu limodzi lotchedwa haplogroup, kutanthauza kuti onsewo ndi zidzukulu za mayi mmodzi wakalekale. Mu 1987 Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson anayeza anthu 147 a m'madera osiyanasiyana, n'kupeza kuti mizere yonse ya kuchikazi imakakumana pa mayi mmodzi amene ankakhala mu Africa zaka pafupifupi 200,000 zapitazo. Sanali mkazi yekhayo pa nthawiyo, koma mizere ya anzake inaduka penapake chifukwa chobereka amuna okhaokha kapena kusabereka.

Kumbukirani kuti uwu ndi mzere umodzi basi. Mukabwerera mibadwo 10 muli ndi malo a makolo 1,024, ndipo mtDNA imakamba za mmodzi yekha. Kuyeza kwa Y-DNA kumatsata kuchimuna, ndipo kwina kumene amati autosomal ndi kumene kumapeza asuweni a mbali zonse. Musagule chimodzi mukufuna chinzake.

Musanatulutse khobidi, pitani kumudzi ndi kope

Gawo ili ndi laulere, komanso ndi limene silingadikire, chifukwa labotale idzakhalapobe chaka chamawa koma agogo mwina ayi. Khalani pansi ndi mayi wamkulu kwambiri wa m'mbumba mwanu. Musawafunse ngati wapolisi. Akhale akusenda nandolo kapena akupeta, inu muzingokokera nkhani: "Agogo, amayi anu aja dzina lawo la paubwana anali ndani? Nanga iwowo anabadwira konkuno kapena anachita kubwera?" Mudzaona kuti dzina lenileni la mayi limavuta kupeza, poti ambiri ankangoitanidwa ndi mfunda kapena ndi dzina la mwana wawo woyamba. Lembani mayina onse amene atchulidwe, ngakhale aoneke ngati akutsutsana.

Pa mayi aliyense lembani zinthu zinayi: dzina, mudzi ndi mfumu yake, chilankhulo chimene ankalankhula pakhomo, ndi kumene anaikidwa. Zaka zobadwa sadzazidziwa, ndiye gwiritsani ntchito zinthu zimene aliyense wa kuno amakumbukira. Kodi pa Napolo wa 1946 anali atatha msinkhu? Pa njala ya 1949 anali ndi ana angati? Chilwa ataphwa mu 1968 anali adakali moyo? Nanga pa nkhondo ya Chilembwe mu 1915, amayi awo anali atawoloka kale kuchokera ku Mozambique? Funso lomalizali n'lofunika kwa mabanja a Chilomwe, chifukwa ambiri analowa m'dziko muno kuyambira m'zaka za m'ma 1890, akuthawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzakhala m'minda ya azungu momwe ankagwira thangata.

Mukachoka kwa agogo, pitaninso kwa amalume aakulu, mwini mbumba, mukafunse zomwezo panokha. Zimene anthu awiri anena mofanana asanapangane, zilembeni ndi cholembera cha inki. Zinazo zikhale za pensulo. Ngati banja lanu ndi la mpingo, mabuku a ubatizo a m'mamishoni akale ngati ku Domasi amatha kukhala ndi dzina la mayi wa mwana. Tilinso ndi mwayi woti National Archives, nyumba yosungira zikalata zakale za boma, ili mumzinda womwe uno wa Zomba, ndipo mabuku amene ma DC a nthawi ya atsamunda ankalembamo mbiri ya mafumu ndi midzi amasungidwa kumeneko. Musayembekezere kupezamo dzina la agogo anu aakazi, poti olembawo ankasamala za amuna okhoma msonkho, koma mungapezemo kumene mudzi wanu unachokera.

Ayezedwe ndani?

Munthu mmodzi akukwanira bere lonse. Inu, abale ndi alongo anu a mimba imodzi, amayi anu, amayi aang'ono ndi aakulu, ana awo, amalume, nonse muli ndi mtDNA imodzi. Ana a amalume sali m'gululi, iwo ali ndi ya amayi awo. Ndiye palibe chifukwa choti anthu atatu a m'nyumba imodzi alipire padera. Sonkherani, ayezedwe mmodzi, zotsatira zikhale za onse. Ngati n'kotheka ayezedwe wamkulu kwambiri, chifukwa makampani ena amasunga DNA yotsala, ndipo mtsogolo mungadzaigwiritse ntchito pa kuyeza kwina iwo atapita.

Ndalama ikapezekanso, mzere wachiwiri wabwino kuyeza ndi wa amayi a bambo anu. Umenewo auyezetse bambo anu kapena azakhali, osati inu.

Amene akuyezedwayo auzidwe momveka bwino, m'chilankhulo chawo, ndipo avomere okha. Malovu, tsitsi ndi zikhadabo si zinthu zimene achikulire athu amapereka mwachisawawa, ndipo akakana musakakamize kapena kuwaba. Yezetsani nokha, mzere ndi womwewo.

Kusankha kampani

Pali njira ziwiri. Makampani ena amangoyang'ana zilembo zosankhidwa n'kukuuzani nthambi yaikulu. Living DNA ya ku England ndi 23andMe ya ku America amachita choncho, pamene AncestryDNA yakhala isakupereka haplogroup n'komwe. Njira ina ndi yowerenga zilembo zonse 16,569. FamilyTreeDNA ya ku Houston, Texas, imachita zimenezi pa kuyeza kumene imati mtFull Sequence, ndiponso YSEQ ya ku Berlin imawerenga mtDNA yonse. Kwa ife a ku Africa ndikulangiza yowerenga zonse. Nthambi zathu ndi zakale komanso zambiri kuposa za kwina kulikonse, moti yankho lachidule ngati "L2a" lokha limakuikani m'gulu limodzi ndi anthu mamiliyoni kuyambira ku Senegal mpaka ku Maputo.

Kampani imene ikulonjeza kukuuzani mtundu wanu weniweni, kuti ndinu Myao kapena Mngoni, muichenjerere. Nthambi za mtDNA zinaphuka zaka masauzande mitundu ya lero isanakhaleko, ndipo akazi akhala akukwatiwa, kusamuka ndi kugwidwa pankhondo kudutsa malire onse a mitundu.

Mtengo wa mtFull Sequence wakhala uli pa madola opitirira pang'ono 150, osawerengera zotumizira, ndipo umatsika pa nyengo zina monga kumapeto kwa November. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira, khadi la kubanki ya kuno likhoza kukana. Chophweka n'kupempha m'bale amene ali ku Johannesburg kapena ku UK kuti agule, alandire phukusi kwawoko, n'kulipatsira munthu amene akubwera kumudzi. Mukafuna libwere mwachindunji, onani kaye ngati kampaniyo imatumiza ku Malawi, ndipo sankhani njira yokhala ndi nambala yolondolera katundu.

Kutenga DNA m'kamwa

Palibe jakisoni, palibe magazi. M'phukusi la FamilyTreeDNA mumapezeka timitengo tiwiri ta mutu wofewa, timabotolo tiwiri tokhala ndi timadzi toteteza, ndi envelopu yobwezera. Pa timabotolo pali nambala. Ijambuleni ndi foni musanachite china chilichonse, chifukwa labotale imakudziwani ndi nambalayo, osati ndi dzina.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa, munthu asanamwe tiyi kapena phala. Ngati wadya kale, padutse ola lathunthu osadya, osamwa, osatafuna fodya kapena nzimbe. Sambani m'manja. Gwirani kamtengo kumchira, osakhudza mutu wake, ndipo palani mkati mwa tsaya mwamphamvu ndithu kwa nthawi imene yalembedwa papepala la malangizo, imene siposa mphindi imodzi. Kungopukuta pang'onopang'ono mwaulemu, poopa kupweteka agogo, ndiko kumachititsa kuti labotale ipemphe kuti muyambirenso. Imikani kabotolo patebulo pokhazikika, lowetsani mutu wa kamtengo m'timadzimo, udukire momwemo, tsekani zolimba. Kamtengo kachiwiri ndi ka tsaya linalo. Ngati m'kamwa muli zilonda, dikirani zipole.

Timabotolo sitifuna firiji, koma musatisiye padzuwa kapena pagalasi la minibasi ulendo wonse wa ku Blantyre. Bwezani kudzera kwa otumiza katundu ngati DHL, kapena mupatsire wapaulendo akaponye ali kunja. Kenako lowani pa intaneti, lembetsani nambala ija ndi imelo imene mumaitsegula kawirikawiri, ndipo dekhani. Phukusi likafika, zotsatira zimatenga masabata angapo, nthawi zina miyezi iwiri.

Kuwerenga zotsatira

Tiyerekeze kuti pafoni patuluka L0a2a2a. Muwerenge kuyambira kumanzere. L0 ndi nthambi yaikulu, imene inapatukana ndi zinzake pafupi ndi tsinde penipeni. Chilembo kapena nambala iliyonse yotsatira ndi kanthambi kakang'onopo komanso kaposachedwapa. Dzina likatalika ndiye kuti mayi amene nonse a m'gululo munachokera kwa iye ali pafupi ndi nthawi yathu.

Pafupifupi Mmalawi aliyense adzapeza chilembo L kumayambiriro. Nthambi za mu Africa ndi L0 mpaka L7. Mizere ya kuchikazi ya mitundu yonse ya kunja kwa Africa inachokera ku L3 yokha, imene inabala M ndi N zaka 60,000 mpaka 70,000 zapitazo. M'chigawo chathu chino, mwa anthu a zilankhulo za Chibantu, zofala ndi L0a, L2a, L3e, L3d ndi L1c. L0a2 ndi L2a1 zimapezeka kwambiri ku Mozambique ndi maiko oyandikana nawo. L1c ndi ya m'nkhalango za pakati pa Africa, ku Cameroon, Gabon ndi Congo. Zambiri mwa nthambi zimenezi zinafika kuno ndi alimi amene makolo awo anayamba kufalikira kuchokera kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 mpaka 5,000 zapitazo. Mapale a mbiya zawo ndi zotsalira za ng'anjo zinakumbidwa ku Nkope, m'boma la Mangochi, ndipo zikusonyeza kuti anali atafika kunyanja zaka zoposa 1,600 zapitazo.

Pansi pa dzina la haplogroup mudzaona mndandanda wautali wa manambala ndi zilembo, ngati 16223T. Musachite mantha, si matenda. Labotale ikungoyerekeza DNA yanu ndi ya munthu mmodzi wa ku Ulaya imene inawerengedwa ku Cambridge mu 1981 n'kukonzedwanso mu 1999. Munthuyo ali kunsonga kwa nthambi yakutali ndi yathu, ndiye ife timasiyana naye m'malo makumi angapo.

Mabanja amene ali ndi kholo la Chimwenye kapena la Chizungu, ndipo mu Zomba alipo ambiri poti linali likulu mpaka 1975, asadabwe akapezabe L. Obwerawo ambiri anali amuna, ndipo mtDNA ya mwamuna imathera pa iye. Chimodzimodzi Angoni. Gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835 ndipo m'njira monse, mpaka atakhazikika, linkatenga akazi a mitundu imene linkapeza. Mngoni wovala zikopa pa Umthetho akhoza kukhala ndi mzere wa kuchikazi wa Chinsenga, Chitumbuka kapena Chichewa.

Nanga Akafula?

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikoma kwambiri. Makolo athu amasimba za anthu aafupi amene anawapeza m'dziko muno, Akafula kapena Abatwa, aja ankafunsa kuti "Mwandionera pati?" Zojambula zofiira za m'mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, zimene UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006, zimanenedwa kuti ndi zawo. Mu 2017 Pontus Skoglund, David Reich ndi anzawo anafalitsa zotsatira za DNA yochokera m'mafupa a alenje akale a ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika, ndi ku Chencherere ku Dedza, a zaka 2,500 mpaka 8,100 zapitazo. Mu 2022 anawonjezera ana awiri a ku Hora, a zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000 zapitazo, ofukulidwa ndi gulu lotsogozedwa ndi Jessica Thompson. Ndi maiko ochepa mu Africa amene ali ndi DNA yakale chonchi.

Alenje amenewa anali pachibale ndi Asan a kumwera kwa Africa komanso ndi Ahadza a ku Tanzania, ndipo mwa mizere yawo ya kuchikazi munali L0d ndi L0k. Chodabwitsa n'chakuti Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Angoni a lero amene anayezedwa pa kafukufuku wa 2017 sanaonetse chizindikiro chooneka cha magazi a alenjewo. Anthu amene anakhala m'dziko lino zaka masauzande ambiri anazimiririka pafupifupi osasiya mbewu.

Ndiye mukapeza L0d kapena L0k, muli ndi chinthu chosowa, koma musathamangire kulengeza pa Facebook kuti ndinu mdzukulu wa Akafula. L0d ndi yofala mwa Axhosa ndi Azulu, chifukwa makolo awo anakwatira akazi a Chisan, choncho ikhoza kukhala kuti inabwera ndi mayi wa Chingoni zaka zosakwana 200 zapitazo. Kanthambi kakang'ono ndi kamene kangathandize kusiyanitsa, pamodzi ndi kope lanu lija: ngati agogo anati amayi awo anachokera ku Ntcheu, mwayamba kuona njira. Mukapezanso kuti haplogroup yanu ikufanana ndi ya mafupa ena akale, sizitanthauza kuti munthuyo ndi kholo lanu. Zikutanthauza kuti iye ndi inu muli ndi agogo amodzi kumbuyoko.

Anthu ofanana nanu

FamilyTreeDNA imakupatsani mndandanda wa ena amene anayezetsa ndipo mtDNA yawo ikufanana ndi yanu, kapena ikusiyana pa malo amodzi, awiri kapena atatu. Amalawi oyezetsa ndi ochepa kwambiri, ndiye mndandandawo ukhoza kukhala waufupi kapena wopanda kanthu. Amene angatulukemo mwina ndi a ku Brazil, America kapena South Africa. Sizachilendo: anthu ogwidwa ukapolo kuzungulira nyanja ya Malawi ndi Chilwa ankayendetsedwa mpaka ku Quelimane ndi ku Kilwa, ndipo ena anakwezedwa zombo za ku Brazil, ku Cape ndi kuzilumba za m'nyanja ya Indian. Munthu wotere akakulemberani akufunsa za mudzi wa agogo anu, muyankheni zimene mukudziwa, koma musamulonjeze kuti ndinu asuweni apafupi. Ngakhale mufanane zilembo zonse, mayi amene munagawana akhoza kukhala wa zaka mazana ambiri zapitazo.

Pachifukwa chomwecho, pepala limeneli si umboni pa mlandu wa munda kapena wa ufumu. Theka la mudzi woyandikana nawo likhoza kukhala ndi haplogroup yanu. Chimene kuyezaku kungasonyeze motsimikiza ndi kusiyana: anthu awiri amene amati ndi a bere limodzi akapezeka m'nthambi zosiyana, ndiye kuti penapake panalowa mwana woleredwa kapena mdzakazi amene anasanduka wa pabanja. M'mabanja ambiri a kuno zimenezi zinachitika ndipo akulu anasankha kuzikwirira. Ganizirani zimenezi musanayezetse anthu awiri a mbumba imodzi, ndipo gwirizanani kaye ndi mwini mbumba kuti zikatero adzauzidwa ndani.

Kusunga ndi kuteteza

Zotsatira zikafika, koperani fayilo ya zilembo zonse, imene imatchedwa FASTA, muisunge m'malo awiri. Makampani amagwa: 23andMe inaberedwa uthenga wa anthu pafupifupi 6.9 miliyoni mu 2023, ndipo mu March 2025 inakalengeza kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole. Mawu achinsinsi a akaunti yanu asakhale omwe aja a pa Facebook. Lowani pa gawo la zinsinsi muone zimene ena akuona, makamaka ngati mukulola apolisi a kunja kuyerekeza DNA yanu. Musamwaze mndandanda wonse wa zilembo m'magulu a WhatsApp, chifukwa zilembo zina za mtDNA zimakhudza zaumoyo, ndipo sizanu nokha, ndi za mbumba yonse. Dzina la haplogroup lokha mukhoza kuuza aliyense.

Mayina a nthambi amasintha. Mtengo wosonyeza nthambi za mtDNA wotchedwa PhyloTree, umene ambiri ankagwiritsa ntchito, unakonzedwa komaliza mu 2016, ndipo mu 2025 FamilyTreeDNA inatulutsa wake watsopano, Mitotree, wokhala ndi nthambi zambiri. Muzitsegula akaunti kamodzi pachaka, mwina mudzapeza dzina latalika. Ndi fayilo ya FASTA mungathenso kutsimikizira haplogroup yanu kwaulere pa tsamba la pa intaneti lotchedwa HaploGrep.

Pomaliza, pa akauntipo pali malo olembapo mayi wakale kwambiri amene mukumudziwa pa mzerewu ndi dziko lake. Musawasiye opanda kanthu, chifukwa mapu a kampani amamangidwa ndi zimene oyezetsa alemba, ndipo Mmalawi wina wodzayezetsa pambuyo panu adzadalira zimenezo. Lembani mayi, osati mwamuna wake. Lembani kumene iye anabadwira, osati kumene inu mukukhala: ngati agogo anati amayi awo anawoloka kuchokera ku Milange ali kumsana, dziko lolemba ndi Mozambique, ndipo mudzi wa ku Zomba kumene anadzakhazikika muulembe pambali pa dzina lawo.